Linki ya Chikhalire

Mng'ono wanga ndi munthu woti ukamutuma mchere pagolosale amayamba wafunsa ngati palibe wina akupita konko. Ntchito yake ndi yolumikiza mavidiyo. Ojambula amamubweretsera zimene ajambula, iye n'kudula, kusoka, kuika nyimbo. Kachipinda kake kali kuseri kwa shopu ya telala: tebulo, makompyuta, fani yopanda chivundikiro ndi mpando wobooka pakati chifukwa chokhalidwa. Anzake amamutchula Chikhalire, ndipo amavomera.

Ine mkulu wake ndili ndi njinga yamoto. Mavidiyo akewo ndi akuluakulu, pa imelo sakwana, fulashi imakana. Ndiye ankawaika pa diski, ine n'kuikulunga m'thaulo, ulendo ku kampani ina yotsatsa malonda kutsidya kwa tawuni. Wolandira diskiyo kumeneko anali mayi wina wamagalasi, woseka ndi mapewa omwe.

Kukoma kwake kunali apa: diski suisiya, umadikira akopere, ndipo failo yaikulu sithamanga. Kamzere kobiriwira kankakwawa pakompyuta yake, ine ndili pambali, chipewa cha njinga pamwendo, nkhani zikutuluka zokha. Ankandithirira tiyi. Mumtima ndinkapempherera kompyutayo kuti ifooke. Ndinkamufuna mayi ameneyu, koma mawu enieniwo ndinkawasungira ulendo wotsatira, poti kuthamanga sikufika.

Tsiku lina mvula idandipeza pamsewu. Diski idanyowa, n'kukana kutseguka. Mayi uja adaimbira mng'ono wanga ine ndili pomwepo, madzi akudontha m'malaya.

"Bwanji osangoika pa klaudi?" adamuuza. "Mukweze pa intaneti, munditumizire linki, ine nditsitsa kuno."

Basitu, maulendo anga adathera pomwepo.

Koma intaneti ya kuseri kwa telala imayenda ngati nkhono. Failo imayamba kukwera m'mawa, ikafika pakati n'kuduka, kuyambiranso. Mayi uja amaimba kufunsa kuti yafika pati. Chikhalire amayankha, ndiye poti onse akudikira, foni saidula. Ndidadzionera ndekha nditapita kukabwereka chaja. Munthu amene kunyumba amayankha ndi mutu wokha anali kuseka mpaka kutsamwa, miyendo ili patebulo.

Nsanje idandigwira, sindibisa. Nthawi yodikira ija inali yanga! Ine ndidapsa ndi dzuwa, ndidameza utsi wa malole, ndidagula ndi malaya atsopano omwe. Iyeyu wachita chiyani? Wangokhala, atavala vesiti yong'ambika kukhwapa.

Atadula foni ndidamuyamba.

"Iwe, katundu wa anthu ungamuike m'malere? Akuba akamutenga?"

"Achimwene, musadandaule. Ndidatseka, amatsegula ndi iye yekha."

Iye yekha! Ankanena monyadira ngati wamupatsa mayi uja kiyi wa kuchipinda.

"Nanga intaneti ikadzafa?"

"Tidzakuitanani," adatero, maso ali pakompyuta.

Ndidadikira kuti ife. Siidafe, imangodwala, ndipo kudwala kwakeko ndiye kunkawapatsa nkhani. Ndidafika poganiza zomugulira intaneti yothamanga kuti failo izingodutsa, asamapeze chonena. Telala atamva adaseka mpaka kulasa chala ndi singano.

Mapeto ake ndidati mwamuna salira pakona. Ndidasamba, kuvala malaya atsopano aja, n'kupita ku kampani kuja chimanjamanja, mawu nditawakonza njira yonse. Mlonda adandiimitsa pageti kuti ndabweretsa chiyani. Ndisanayankhe, mayi uja adatulukira, chikwama paphewa, nkhope yonse ili mwee.

"Alamu!" adakuwa. "Mwasowatu!"

Ndidacheuka kuona ngati akuitana wina.

"Mwachita bwino kubwera, alamu. Mng'ono wanu uja mukumudziwa, kuti anyamuke pampando ndi nkhondo. Ndaweruka, mungandiperekeze kwake?"

Ndidamupatsa chipewa changa, n'kuliza njinga. Njira yonse adagwira chitsulo cha kumbuyo kwa mpando, ine osandikhudza.