Tsiku Limene Hauke Anazula Mizinga Yake

Tsiku limene kasitima ka Hauke Brodersen kanagadabuzika m'dziwe loyesera, ngakhale wosesa anagwira nthiti ndi phwete.

Kunali ku Kiel, mzinda wa padoko ku Germany, patangopita zaka zochepa nkhondo yaikulu yoyamba ya padziko lonse itatha. Dziko la Germany linali litagonja, ndipo pangano la mtendere linalamula kuti sitima yake iliyonse yankhondo yatsopano isalemere kupyola matani 10,000. Kwa ojambula mapulani a sitima, lamuloli linali ngati bulangete lalifupi. Ukachulukitsa mizinga, zitsulo zotchinga zipolopolo zichepe. Ukakulitsa injini, mizinga ichepe. Sitima zambiri zinkabadwira papepala n'kufera pomwepo.

Koma Hauke ankafuna zonse. Limeneli ndiye linali vuto lake, ndipo analibe nalo manyazi.

Pa kampani yokhoma sitima imene ankagwira ntchito panali mwambo wake. Pulani isanavomerezedwe, mwini wake ankaumba kasitima kaphula, n'kuikamo zidutswa za mtovu zoimira mizinga, injini ndi zitsulo. Kenako kasitimako kankakokedwa ndi chingwe m'dziwe lalitali, mabwana akuonerera. Ka Hauke kanasenza mizinga mpaka pamwamba penipeni. Funde loyamba litangokakhudza, kanapendekeka n'kuonetsa mimba kumwamba.

"Brodersen, wajambula sitima kapena sitolo ya mizinga?" anafunsa a Tiedemann, mkulu wa ofesi ya mapulani.

Ntchito ya Hauke inathera pomwepo.

Hauke anakakhala kwa mlongo wake Gesche, amene mwamuna wake, Okke, ankawamba tinsomba ting'onoting'ono n'kumatilongedza m'timabokosi tamatabwa. Munthu wozolowera pensulo ndi rula uja anayamba kuzungulira padoko ndi dengu, akuitanira malonda. Chopweteka kwambiri chinali chakuti anzake akale ankadutsa njira yomweyo popita kuntchito.

"Bwana mkulu wa sitima zankhondo! Tipatseni timabokosi tiwiri, koma tisagadabuzike!"

Iye ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa zedi. Tsiku lina analira kuseri kwa nyumba yowambira nsomba, ndipo Gesche atamupeza ananamizira utsi.

"Utsi wake uti, moto sunayatsidwe n'komwe?" anatero Gesche. "Achimwene, lirani mumalize. Mukatha mukatenge pensulo yanu, ndaiona pawindo ikungogona."

Anaitengadi. Mapepala analibe, choncho ankajambula pa zivindikiro za timabokosi. Akamagulitsa nsomba padoko, maso ake ankakhala kwa amisiri owotcherera zitsulo, ndipo anazindikira kuti sitima yowotcherera imapepuka kuposa yokhoma ndi misomali yambirimbiri. Ankafunsa asodzi za injini zawo za dizilo mpaka ena ankamuthawa. Gesche naye ankayenda khomo ndi khomo kupempha zotsalira za makandulo kuti mchimwene wake apeze phula. Dziwe loyesera linali chimbiya chachitali chimene Okke ankaviikamo nsomba asanaziwambe.

"Alamu, mwalowetsanso sitima yankhondo mu nsomba zanga?" Okke ankadandaula. "Makasitomala akatafuna mzinga, mukawayankhe ndinu!"

Tisitima tina tinamira, tina tinasweka, kena kanasungunuka chifukwa anakaiwala pafupi ndi ng'anjo. Zaka zinadutsa, imvi zinayamba kutuluka, koma Hauke sanasiye.

Ndiye kunamveka nkhani imene inagwedeza doko lonse. Kampani ija inkafuna wojambula mmodzi, mmodzi yekha basi. Aliyense abwere ndi pulani ya sitima yankhondo yosapyola malire a pangano, pamodzi ndi kasitima kake kaphula. Hauke anadziwa kuti pa msinkhu wake, mwayi wina ngati umenewu sudzabweranso.

Anaumba kasitima kokongola kwabasi, kopyapyala, kamphuno yakuthwa, kokhala ndi nsanja ziwiri za mizinga, ina kutsogolo ina kumbuyo. M'mbali mwake analemba mzere wofiira wosonyeza malire. Madzi akangokwirira mzerewo, ndiye kuti sitima yapyola matani ololedwa. Anakaika m'chimbiya cha Okke, ndipo taonani, mzere unatsala pamwamba pa madzi, mpata wokwana chala!

"Malo alipo!" anakuwa Hauke. "Gesche, Okke, bwerani mudzaone! Malo alipo!"

Nthenda yake yakale ija inadzuka. Anasema nsanja yachitatu, yokongola kuposa zinzake, n'kuikhazika pakati. Madzi anafika ndendende pa mzere. Mizinga yonseyo pa sitima yaing'ono chonchi, ndani anaganizapo zimenezi mu Kiel muno? Anavina ndi mlongo wake pakati pa madengu, Okke akuimba ng'oma pa chivindikiro cha mgolo.

Tsiku loyesa, anavala jekete la Okke lopitira kutchalitchi, manja ake ofika m'zigongono. M'mbali mwa dziwe munadzaza anthu. Tisitima ta ena tinayenda, tina bwino, tina mwamanyazi. Dzina lake litaitanidwa, anagwada n'kutsitsa kasitima kake pamadzi pang'onopang'ono.

Kanatsika. Kanatsikabe. Mzere wofiira unamira.

Hauke anayang'anitsitsa kasitimako. Zatheka bwanji, poti kunyumba zonse zinali bwino? Anaviika chala m'dziwemo n'kuchilawa. Munalibe mchere ngakhale pang'ono. Apo m'pamene anazindikira. Madzi a m'chimbiya cha Okke anali odzaza mchere wa nsomba, ndipo madzi otero amanyamula chinthu m'mwamba kuposa madzi wamba. Malo amene anavinira aja kunalibe. Chimbiya chinamunamiza, ndipo iye anakhulupirira msanga chifukwa bodzalo linali lokoma.

Kumbuyo kunayamba kumveka tizikhwekhwe. Wina anati, "Wansomba uja wayambanso."

"Wapyola malire, Brodersen," anatero a Tiedemann, amene tsopano anali atakalamba ndithu. "Lamulo ukulidziwa. Mwini amaloledwa kukhudza kasitima kake kamodzi kokha tisanakoke. Ukhudza, kapena ukanyamule uzipita?"

Hauke anayang'ana nsanja yapakati ija. Anaisema ndi chikondi, ndipo ndi imene inkasiyanitsa sitima yake ndi za ena onse. Anatambasula dzanja, anagwira nsanjayo, n'kuizula.

Kasitima kanadzuka. Mzere wofiira unatulukira pamwamba pa madzi, woonekera kwa aliyense.

"Kokani, bwana," anatero.

Chingwe chinakungika, kasitima kananyamuka. Abale, kanathamanga! Mphuno ija inkang'amba madzi mopanda phokoso. A Tiedemann anakweza dzanja kuti makina opanga mafunde ayatsidwe. Funde loyamba linakamenya, kanapendekeka pang'ono n'kuwongoka. Lachiwiri, lalikulu kuposa loyamba, kanalikwera n'kutsika bwinobwino. "Onjezani!" anakuwa mkuluyo. Anaonjezadi, madzi mpaka kuthovokera pa nsapato za mabwana, koma kasitima kaja osagonja. Hauke anaiwala ulemu wonse, anathamanga m'mbali mwa dziwe akukuwa, "Tiye! Tiye, mwana wanga, tiye!" Pamene kankafika kumapeto, anthu omwe ankaseka aja ndi amene ankaomba m'manja kwambiri.

A Tiedemann anamuyandikira. "Tandiuza, chinakamiza poyamba paja n'chiyani?"

"Ndinkayesera m'madzi oviikamo nsomba, bwana. Mchere unandipusitsa."

Mkuluyo anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. Kenako anatambasula dzanja, ndipo Hauke anamupatsa nsanja yozulidwa ija. Anaitembenuzatembenuza n'kugwedeza mutu.

"Yokongola bwanji. Zinakuwawa?"

"Kwambiri, bwana."

"Ndi bwino. Muofesi mwanga mwadzaza anthu odziwa kuonjezera. Amene ndakhala ndikumusowa ndi woti angachotse chinthu chimene amachikonda kuti sitima iyandame. Ubwere Lolemba. Koma usambe kaye, mapulani anga asanunkhe nsomba."

Hauke anatuluka pageti akuthamanga ngati mwana, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ulendo uno sananamizire china chilichonse. Gesche anamuona ali patali, anaponya dengu pansi n'kuyamba kululuta msewu wonse ukuona.

Sitima imeneyo sinakhomedwe. Inakhalabe papepala ngati zinzake zambiri za nthawi imeneyo. Koma Hauke anabwerera patebulo lake, ndipo anajambula sitima mpaka ukalamba wake.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakusekani pagulu. Mwina mukugwira ntchito imene simunailotepo, anzanu akale akudutsa n'kumakulozani. Pitirizani kuphunzira pomwe mulipo, ndi zochepa zomwe muli nazo. Ndipo tsiku lanu likadzafika n'kupezeka kuti mwalakwitsanso, musadzathawe. Vomerani, chotsani chimene chikukulemetsani ngakhale mumachikonda chotani, muyesenso pomwepo anthu akuona. Mtima wokhawo musautaye ayi.