Katemera wopanda chipsera

Ndimachapa nsalu za odwala pa chipatala china kufupi ndi Madisi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma pepala lililonse ndimaliwerenga, ngakhale lokulungira zitumbuwa, moti anzanga amanditcha adokotala a sopo.

Katemera wa korona atafika, ife a pachipatala tinali oyamba kubayitsa. Ndinabayitsa kawiri. Atalengeza za jakisoni wachitatu, sindinapite. Ndinkapinda malaya, kuloza chipsera cha katemera wa ndili khanda, n'kumaphunzitsa anzanga kuti katemera ndi wa moyo wonse, wachitatuyu ndi wa amantha.

Loweruka lina ndinapita kumudzi ku Ntchisi kukaona amayi, omwe amadwala shuga.

“Iwe wochokera kumatenda, masiki ako ali kuti?” anandifunsa ndisanakhale n'komwe.

“Amayi, ine ndinabayitsa kawiri,” ndinatero, ndikuwaonetsa khadi.

Kunagwa mvula. Tinatseka chitseko, tinakhala pamphasa imodzi mpaka madzulo tikusenda mtedza wambewu.

Lachiwiri kukhosi kunayamba kukanda. Lachitatu namwino wathu anandipisa kathonje m'mphuno, pakachipangizo panatuluka mizere iwiri. Korona.

“Asisitala, nanga katemera uja?”

“Munabayitsa liti komaliza, adokotala?”

Ndinawerenga miyezi pazala. Dzanja limodzi silinakwane.

“Asilikali amene katemerayu amadzutsa m'magazi amachepa miyezi ikamapita,” anatero. “Thupi silimuiwala mdaniyo, n'chifukwa chake mwabwera ndi miyendo yanu. Koma kutenga mukhoza kutenga, kupatsiranso mukhoza. Mwakhala ndi ndani masiku ano?”

Ndinatuluka n'kuimba foni kumudzi.

Amayi alibe foni. Ndinkaimbira mchemwali wanga, yemwe amakhala nawo ndipo amachita kukwera pachulu kuseri kwa tchalitchi kuti timvane. M'mawa uliwonse funso linali lomwelo.

“Adzuka bwanji?”

“Adzuka. Ali kumunda.”

M'mawa wachinayi yankho linasintha. “Akutsokomola pang'ono, achimwene. Akuti ndi utsi.”

“Usamvere za utsizo. Peza njinga yamoto, upite nawo akawayeze lero lomwe. Ukanene kuti ali ndi shuga, ndiponso kuti ndinakhala nawo ine.”

Tsiku limenelo sindinawerenge kanthu. Ndinagona chagada, foni pachifuwa, ndikuyang'ana malata. Ndikatseka maso ndinkaona chitseko chija, ndipo amene anachikankha ndi mwendo kuti mphepo isalowe ndinali ine.

Foni inalira dzuwa litapendeka. “Mzere umodzi. Koma akuti tiziwayang'anira, tikabwerenso akasintha.”

Ndinaimbabe m'mawa uliwonse sabata ina yathunthu. Chifuwa chija chinatha chokha. Tsiku lomaliza mchemwali wanga anakwera ndi amayi pachulu paja, ndinamva akupuma mwaphuma.

“Chipepala chako cha katemera chija uli nachobe?”

“Ndili nacho, amayi.”

“Pali malo otsala?”

“Alipo.”

“Ukachira upite akalembepo. Ukatero ubwere, mtedza uja wamera, ukufuna khasu.”