Nkhalamba Imene Inabwera ndi Tiyi

Tikiti ndikadali nayo. Ili m'bokosi la nsapato pamodzi ndi kalata yathu ya ukwati ndi makadi a kusikelo a ana. Ndi yobiriwira, yong'ambika pakati, ya Loweruka masana ku nyumba ya kanema ya ku Limbe imene inatsekedwa kalekale. Tsikulo ndinapita ndi mtsikana wa ku Nsanje amene anadzakhala mkazi wanga, ndipo nditabwerako ndinalemba zonse m'kope, monga ndimachitira ndi chilichonse.

Filimuyo inali ya Chitchaina, ya karate, ndipo sinali yabwino, ndinene poyera. Chibakera chinkamveka chisanafike pa munthu. Magazi anali ngati polishi wofiira wopaka pakhonde. Mphunzitsi wa ndewu, nkhalamba, anali ndi ndevu za thonje zochita kumata, ndipo akamadumphira padenga chingwe chinkaoneka kumsana. Koma chapakati adani anamupha, ophunzira ake n'kumuika m'manda ife tikuona. Kenaka chithunzi chinaphethira, nkhalamba ija inakankha chitseko n'kulowa itanyamula tiyi. Za kumanda sinanenepo. Ophunzira sanadabwe, anangolandira makapu.

Holo yonse inangoti zii. Mayi wina kumbuyo anati, "Mfiti iyi," n'kutuluka. Mtsikana uja anandigwira dzanja, zala zake zitazizira. Pa tsamba lachitatu la kope ndinalemba kuti: afa, aikidwa, abwera ndi tiyi.

Inakhala nthabwala ya m'banja mwathu. Chaka chatha, mkazi wanga ali gone m'chipatala, anandiuza kuti, "Bambo, chitseko cha kukhitchini musamatseke. Ndidzabwera ndi tiyi ngati agogo a Chitchaina aja." Ndinaseka. Patapita masiku atatu tinawaika. Chitsekocho chinakhala chotsegula kuyambira pamenepo.

Mwana wanga wamkazi, amene ndimakhala naye ku Naperi, anaipeza filimuyo pa kompyuta yake nditamufotokozera za ndevu ndi tiyi. Tinaonera Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Nkhalamba inabweretsa tiyi ili moyo. Pambuyo pake inaphedwa, inaikidwa, ndipo sinaonekenso.

"Adula!" ndinatero.

"Adadi, sanadule chilichonse. Tiyi uja mwamuona."

"Tiyi amabwera munthuyo atafa!"

"Mwina mwaiwala, ndi kale."

Ine kuiwala? Ndinatulutsa kope n'kumuonetsa tsamba lachitatu. Anawerenga, anandiyang'ana ngati mmene anamwino ankayang'anira mayi ake, n'kukatsuka mbale.

Mawa lake ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Bambo amene ankayendetsa makina a kanema akadali moyo, amakhala ku Mpingwe kwa mdzukulu wawo, maso anachita khungu. Ndinawawerengera tsambalo ndili chiimire. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, khalani pansi. Filimu inkabwera m'zitini zinayi. Loweruka limenelo timapepala ta manambala tinali titamatuka, ndiye ndinaika chachitatu chisanalowe chachiwiri. Ndinazindikira nditaona mdalayo akulowa pakhomo. Thukuta linandituluka. Koma munali phee nonse, ndinangozisiya."

"Ndiye munatinamiza zaka zonsezi?"

"Munabwera kudzaona zibakera, ine ndinakuonjezerani kuuka kwa akufa. Mukudandaula chiyani?"

Sindinaseke. Ndinawauza kuti munthu wogwira ntchito yake bwino amalemba manambala pa chitini chenicheni, osati pa kapepala komata ndi malovu. Anavomera. Atatero anatembenuzira nkhope yawo kumene kunali mawu anga n'kufunsa kuti, "Kodi mwafedwa?" Ndinatsanzika.

Njira yonse, kudutsa pa Chichiri, ndinali nditakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira yani. Kunyumba kunalibe munthu, mwana anali kuntchito. Ndinakhala patebulo, ndinatenga rula, ndinakhwatcha mzere uja n'kulemba m'munsi kuti: cholakwa cha woyendetsa makina, zitini zinasinthana. Pepala labodza sindisunga.

Kenaka ndinadzuka kuti ndikatseke chitseko cha kukhitchini. Dzuwa linali likuwomba pa simenti. Dzanja lili pa chogwirira, ndinamva supuni ikugunda kapu, katatu, pang'onopang'ono, mmene amachitira munthu wosafuna kutaya shuga. Kwa aneba kunali kokiya, ndinaona loko pobwera.

Ndinachotsa dzanja. Kope ndakonza. Chitseko chikadali chotsegula.