Masabata Awiri Foni Osalira

Pakampani ponse ankawatcha a Seva, dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa masitepe, akusamalira seva, kompyuta yaikulu imene antchito ankapempherapo tchuthi ndi kuitanitsirapo katundu. Pulogalamu yake anailemba okha, dazi lisanayambe. Akazi awo ankaitcha "mkazi mnzanga", ndipo sankanena moseka ayi: paukwati wa mwana wawo wamkazi bamboyo anachoka anthu asanadye, ati fani yoziziritsa kompyutayo yaima.

Kenaka kunabwera pulogalamu yatsopano, ya pafoni. Abwana anafotokoza kapumitsidwe ka zakale: amazimitsa mwakachetechete masabata awiri, osauza munthu. Wina akadandaula, amayatsanso. Pakapanda wodandaula amafufuta zonse, chitsulocho n'kupita kwa ogula zakutha.

A Seva anavomera mosavuta, poganiza kuti foni ilira dzuwa lisanafike paliwombo. Anazimitsa Lolemba, n'kukhala pansi ndi fomu ya madandaulo. Kachipindako kanangoti zii. Lachitatu ananyamula foni n'kuika kukhutu kuti amve ngati ili moyo. Inali bwinobwino. M'khonde ankapatsa anthu moni wautali, akuwayang'ana m'maso, koma anthuwo ankangofunsa za kunyumba n'kumapita. Zinawapweteka mtima kwambiri, moti chakudya ankangochitosatosa.

Tsiku lomaliza, cha m'ma 3 koloko masana, foni inalira. Mayi wina wa mawu onenepa modabwitsa anati akuimba kuchokera ku ofesi ya pamwamba, makina aja asiya kugwira ntchito, ayatsidwe msanga. Atamufunsa mbali imene ikuvuta, mayiyo anati yonse. Chapatali kunkamveka wailesi ya kukhitchini kwawo kwa a Seva, ija yolira ngati ili ndi chimfine.

"Mayi a ana," anatero a Seva motsitsa mawu, "si inu munkadana naye mkazi mnzanuyu?"

"Ndinkadana naye, inde. Koma inu simukudya."

Dandaulo limodzi linali lokwanira, ndipo palibe akanafufuza. A Seva anayang'ana fomuyo nthawi yaitali, misozi ikulengeza m'maso. Za makinawo anali asananamepo, ndipo sakanayambira pamaliro ake. Analemba kuti "Palibe", n'kusaina.

"Ndibwera msanga lero," anauza akazi awo. "Ndi mawa lomwe."