Mitengo ya a Chingwe

Anthu ankawatchula a Chingwe chifukwa sankadzala kanthu asanakoke chingwe. Akazi awo ankaseka kuti tsiku lina adzafoletsa ana pamzere kuti aone ngati akukula mofanana. A Chingwe anagwira ntchito zaka makumi atatu ku nthambi ya khonsolo yoona za mapaki ndi mitengo ya m'misewu. Anayamba ngati wothirira mbande ku nazale, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pojambula okha papepala pamene payenera kukhala kapinga, benchi kapena mtengo.

Chaka chimene ankakonza msewu waukulu wopita kudepoti ya mabasi, bwana wawo anawaitanira mu ofesi. Anati akuluakulu akufuna mthunzi msanga, asanachoke pamipando. A Chingwe anali atasankha kale mtengo wa mizu yozama, umene umatenga zaka khumi ndi zisanu kuti munthu ausepo. Bwanayo anaukhwatcha ndi cholembera chofiira n'kulembapo wina wokula ngati udzu.

Mtengo winawo a Chingwe ankaudziwa bwino. Koma mwezi umenewo dzina lawo linali pakati pa oyembekezera kukwezedwa pantchito, ndiye anangoti kukamwa tseke. Mayi wachikulire wa ku nazale, amene anawaphunzitsa kufesa akadali mnyamata, anawapeza akukweza mbande mu lole.

"Mwanawe, umenewo mizu yake imayenda pamwamba ngati njoka. Ukudziwa iwe."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ndili ndi ana."

Anadzala mitengo zana limodzi ndi makumi awiri, mbali zonse za msewu. Pofika chaka chachinayi nthambi zinali zitagwirana pamwamba. Wosoka nsapato anakhazika kabokosi kake pansi pa mtengo wina, amayi a zipatso anayala malonda awo, ndipo odikira basi anasiya kudziphimba ndi zikwama kumutu. Lamlungu a Chingwe ankadutsamo ndi mwana wawo wamkazi atam'gwira dzanja, anthu n'kumawapatsa moni mwaulemu. Nthawi zina ankaiwala ndithu zomwe zinkachitika pansi pa nthaka.

Mizu inayamba ndi kutukumula simenti ya m'njira ya oyenda pansi. Kenako inaphwanya mapaipi, madzi n'kumangoti thithithi mumsewu. Gogo wina anapunthwa pasimenti yotukumukayo n'kuthyoka m'chiuno. Mphepo itagwetsera nthambi pabasi yodzaza anthu, khonsolo inalamula kuti mitengo yonse idulidwe. Bwana uja anali atasamuka kalekale, choncho ntchitoyo inagwera a Chingwe. Anayenda ndi chitini cha penti, kuika chizindikiro pathunthu lililonse. Wosoka nsapato anawafunsa kuti iye akakhale kuti, iwo n'kumuyankha kuti adzadzalanso ina. Macheka analira milungu itatu.

Atapuma pantchito, anamva kuti kwabwera katswiri watsopano, mtsikana wophunzira bwino, woti akonzenso msewuwo. Anavala jekete, anatenga pepala lawo lakale lokhwatchidwa lija, ulendo ku ofesi. Mtsikanayo anawapatsa mpando n'kuwamvetsera mpaka kumaliza. Kenako anawaonetsa zithunzi za simenti yosweka ndi basi yophwanyika denga, n'kufotokoza kuti khonsolo yagwirizana kuti mumsewu umenewo musadzalidwenso mtengo. Muikidwa njerwa za simenti ndi mapolo a magetsi basi.

"Musadandaule, bambo," anatero mtsikanayo. "Amene anadzala imeneyi sankaidziwa mitengo."

"Ankaidziwa, mwananga. Ndine."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Analonjeza kuti akailankhula nkhaniyo kumsonkhano, ndipo mwina anakailankhuladi, koma njerwa zinayalidwa chaka chomwecho.

Akazi awo atamwalira, a Chingwe anakakhala kwa mwana wawo uja. Kuseri kwa nyumba anadzazako zitini zakale za mbande za mizu yozama, moti mkamwini wawo amadandaula kuti alibe poimika njinga. Aliyense wobwera kudzacheza amachoka ndi chitini chimodzi, afune asafune. Ambiri amachiiwala pakhonde. A Chingwe akafuna kukwera basi, amazungulira njira ya kuseri kwa msika, yaitali ndiponso yamatope. Mwana wawo anawafunsapo kamodzi chifukwa chake, iwo anangoti njerwa zimawapweteka mawondo.