Tsiku limene ndinalandidwa maiki ku Zemba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza giredi 12 ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, kulima mtedza ndi amayi ndi kuwerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu, basi. Kwathu ndi pafupi ndi mishoni, ndipo banja lathu ndi lachikatolika kuyambira kale. Tsiku lina Misa itatha, bambo wina wamfupi, wovala jekete yachikopa dzuwa likuswa mtengo, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anali a Banda, amene ankayenda m'masukulu ndi m'maholo a m'boma la Chadiza kuonetsa kanema.

"Mawu ako amafika mpaka kumbuyo," anatero. "Chingerezi umawerenga msanga?"

Ndinavomera ndisanaganize n'komwe. Pakhomo ndinali nditatopa napo, ndipo ntchito ina sinkaoneka.

Kanema wathu anali wa masana, Loweruka ndi masiku a tchuthi. Katundu anali pulojekita, laputopu, sipika imodzi yaikulu, maiki, jenereta yaing'ono, waya wautali ndi chinsalu choyera. Tikafika pasukulu tinkayamba ndi mawindo, kuwatseka ndi masaka ndi zitenje kuti m'kalasi mude. Jenereta inkakhala kutali, kuseri kwa chipinda, kuti phokoso lake lisaphimbe mawu. Unkailiza kaye, kudikira kuti kulira kwake kukhazikike, kenako n'kulumikiza pulojekita. Pozimitsa zinali mosinthanitsa. Unkazimitsa pulojekita, kudikira kuti fani yake ileke kuzungulira, ndiyeno n'kuzimitsa jenereta. Ukadula moto pulojekita ikadali yotentha, babu lake limatha kupsa, ndipo babu limenelo ku Chadiza simungalipeze.

Mbali yanga inali kukhala pampando pafupi ndi chinsalu, maiki m'manja, kuwerenga Chingerezi chimene chimadutsa m'munsi mwa chithunzi n'kuchinena m'Chichewa. Dzanja lina linkakhala pa sipika, kutsitsa mawu a kanema ndikamalankhula ndi kuwakweza ndikaleka. A Banda anandipatsa lamulo limodzi lokha. "Unene zomwe anena iwowo. Zako uzisiye kunyumba."

Chaka chimenecho tinkayenda ndi katuni ya ku Japan, nkhani ya atsikana awiri oyandikana nyumba. Maina awo ankandipinda lilime, choncho ndinawatcha Tadala ndi Mphatso, ndipo a Banda sanakane. Atsikanawa amakula limodzi, kudya limodzi, kupita kusukulu limodzi, mpaka banja la Mphatso likonza zosamukira kutauni. Mphatso amabisa nkhaniyo, Tadala amaimva kwa anthu ena, ndipo ubwenzi umatha. Chakumapeto kumakhala chikondwerero m'mudzi mwawo, anthu akuvina atavala zigoba kumaso. Chinthu china cha chigoba choopsa chimatsatira Tadala mpaka pamlatho. Chikavula chigobacho, timaona kuti ndi Mphatso, amene wabwera kudzapepesa koma amachita manyazi kuonetsa nkhope.

Ndinkaukonda kanemayu chifukwa cha mmene anthu ankamulandirira. Azibambo ankalowa akunyoza, ati ndi zidole za ana, n'kuima kumbuyo ngati angodutsa. Pakapita kanthawi unkawaona akhala pamadesiki, maondo m'mwamba. Ana ankafa nazo kuseka akaona anthu akudya ndi timitengo. Azimayi ankayamikira kuti ana a kumeneko amavula nsapato pakhomo ndi kuwerama popereka moni. Ku Pembamoyo mayi wina anakalipira Mphatso mokweza, "Muuze mnzakoyo, iwe! Ukubisiranji?" ngati kuti chinsalu chimva. Ku Mlolo mkulu wina anandidikira panja kudzandifunsa ngati atsikanawo anadzaonananso atakula. Nditamuuza kuti sindikudziwa, ananditenga ngati munthu womana.

Pamenepo m'pamene ndinayamba kudzimva shuga. Ndinaona kuti ndikaponyamo kanthu kanga, anthu amaseka kwambiri. A Banda nthawi zambiri ankakhala panja kuyang'anira jenereta, ndiye sankamva zonse. Tsiku lina m'holo ya tchalitchi china chaching'ono, titafika pamene Mphatso amavula chigoba, ndinati, "Mwaona ana inu? M'kati mwa chigoba mumakhala munthu, osati chilombo!" Holo yonse inagwa ndi phwete. Ndinabwereza mawuwo malo ena awiri a kufupi ndi kwathu, ndipo konseko anaseka. Ndinawasunga ngati ndiwo zapambali.

Ku Zemba tinapita mu Ogasiti, anthu atamaliza kukolola. Tikutsitsa katundu pasukulu ndinamva ng'oma chakutsidya kwa dambo, ndipo aphunzitsi ena anati sabata imeneyo kunali mwambo wokumbukira mkulu wina amene anamwalira, gule wamkulu akutuluka. Ndinamva, koma sizinandilowe m'mutu. Ndinakulira kumishoni. Gule ndinkamudziwa ngati chinthu chimene umathawa ukakumana nacho panjira. Sindinaganizepo kuti kuli midzi kumene mawu akuti m'kati muli munthu satchulidwa n'komwe pamaso pa ana ndi pa osavinidwa, ngakhale ndi amene akudziwa.

M'kalasi munadzaza. Ana anakhala pansi kutsogolo, azimayi pamadesiki, azibambo kumbuyo cha kuchitseko. Zonse zinayenda bwino mpaka pachikondwerero chija. Zigoba zitaoneka pachinsalu, ana anakuwa, ena kubisala kumbuyo kwa anzawo, ndipo kumbuyo azibambo analeka kulankhulana. Ndikanayang'ana kumeneko ndikanaona. Koma ine maso anali pachinsalu, kudikira malo anga. Mphatso anavula chigoba, ndipo ndinanena mawu anga aja mokweza, sipika ili pamwamba.

Palibe anaseka. M'kalasi munangoti zii, kumangomveka nyimbo ya kanema. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuphimba kumaso ndi chitenje. Kenako desiki inakhuluka kumbuyo, ndipo mnyamata wina wamtali anadumpha ana, kulunjika pamene waya wa jenereta unalowera pawindo. Anaugwira.

"Chonde musazule!" ndinakuwa, ndipo poti maiki inali ikadali pakamwa, mawu anga anagwedeza chipinda chonse. "Babu lipsa!"

"Lipse," anatero. "Wanena chiyani iwe? Bwereza."

Ndinaimitsa kanema. Chithunzi chinauma pamenepo, Mphatso ali ndi chigoba m'manja, nkhope yake ikutiyang'ana tonse. Amuna atatu anali ataima pachitseko, ndipo mmodzi anati katundu yenseyu satuluka mpaka nkhaniyi ikambidwe kwa eni ake. Ndinadziwa kuti pulojekita ikapsa kapena ikatsala kuno, ntchito ya a Banda yatha, ndipo yanga yatha isanakwane miyezi itatu. Ndinaona ndikubwerera kumunda wa mtedza, mudzi wonse ukudziwa kuti chandibweza ndi pakamwa pomwe paja.

Ahedi anayesa kulankhula, koma anali mlendo wochokera kudera lina ndipo palibe anawamvera. Amene analetsa phokoso anali a Mwale, nkhalamba yowonda imene inakhala pakona ndi chipewa pamaondo. Pambuyo pake ndinamva kuti anali mmodzi wa akuluakulu a kudambwe, kumene gule amakonzekera. Sanakuwe. Anangokweza dzanja, ndipo mnyamata uja anaima, waya ukadali m'manja mwake.

"Ndiwe mwana wa yani?" anandifunsa.

Ndinatchula dzina la atate ndi mudzi wathu. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amachiyembekezera.

A Banda analowa nthawi imeneyo, manja akununkha petulo, atamva kuti kanema waima. Wina anawanong'oneza. Sanandiyang'ane n'komwe. Anavula kapusi, n'kunjuta pamaso pa a Mwale, ndipo analankhula nawo motsitsa mawu kwa kanthawi. Zimene ananena sindinazimve, ndipo zina ndikukhulupirira kuti sindikanazimvetsa. Ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti a Banda, ndi jekete yawo yachikopa ija, anakulira m'mudzi wa gule. Atatha anatembenukira kwa ine.

"Ika maiki pansi. Bwera ugwade."

Ndinagwada pasimenti, ana onse akundiyang'ana, n'kuwomba m'manja. "Pepani atate, ndalakwa. Sindimadziwa."

"Sumadziwa, inde," anatero a Mwale. "Nanga n'chifukwa chiyani unalankhula? Chithunzichi sichinalakwe. Awa ndi a kwawo, zigoba ndi zawo, avule mmene afunira. Mawu aja anali mmenemo?"

Pamenepo ndikanatha kunama. M'chipindamo munalibe amene akanawerenga Chingerezi chija mothamanga, kupatula aphunzitsi, ndipo aphunzitsiwo anali atayang'ana pansi. Koma a Banda anali chiimire pambali panga, ndipo iwo kanemayo ankamudziwa pamtima.

"Munalibe," ndinatero. "Anali anga."

Mnyamata uja anakoka waya pang'ono, mpaka pulagi inagwedera pamalo pake. Ndinatseka maso. Ndiye kutsogolo kamtsikana kena kanayamba kulira, osati ndi mantha ayi, koma kufunsa kuti, "Nanga Tadala amukhululukira?" Ana ena anatsatira, kung'ung'udza chapansipansi. Mayi wina wachikulire anati, osayang'ana aliyense, "Anawa sanalakwe. Aone mathero."

A Mwale anazunguza chipewa chawo m'manja. Kenako anauza mnyamata uja kuti asiye waya. "Kanema amalizike," anatero. "Koma uyu asalankhulenso. Ndipo kuno asadzagwirenso chinthu chimenechi." Analoza maiki.

A Banda anazula maiki ku sipika, n'kuiika m'thumba la jekete. Ine ndinakhala pansi kukhoma, ndipo kanema anapitirira m'Chijapani chokhachokha, popanda womasulira. Ndinkayembekezera kuti anthu ayamba kutuluka. Palibe anatuluka. Mphatso atawerama n'kulankhula mawu amene palibe anawamva, azimayi anati, "Eya, wapepesa." Tadala atatembenuka kumupatsa msana, m'chipinda monse munamveka kudandaula. Atabwerera n'kumugwira dzanja, ana anawomba m'manja, ndipo pamene galimoto yonyamula katundu wa banja la Mphatso inkachoka, Tadala akuithamangira, ndinaona mnyamata wa waya uja akupukuta mphuno ndi kolala ya malaya. Zinandipweteka kuona kuti zonsezi anazimva popanda ine.

Tinadikira fani ya pulojekita kuti ileke, tinazimitsa jenereta, tinapinda chinsalu. Amuna aja anachoka pachitseko ndipo katundu anatuluka yense. Ndikumasula masaka pawindo, mayi uja wa chitenje anabwera ndi mwana wake wamkazi, wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero.

"Achemwali, inu mukupita kwanu," anatero. "Uyu wandifunsa kale kawiri ngati zimene munanena zili zoona. Mawa gule adutsa pakhomo pathu. Akakafunsa pamaso pa anthu, mlandu ukhala wa ine. Ndimuyankhe chiyani?"

Ndinayamba kupinda saka limene linali m'manja mwanga. Anadikira pang'ono, kenako anagwira mwana wake dzanja n'kumapita.

Pobwerera, ine ndi a Banda tinafika pamsewu waukulu. Pamenepo anaimitsa njinga yamoto n'kunena kuti sandichotsa ntchito, chifukwa sindinaname pamene anandifunsa a Mwale. Koma mwezi wathunthu ndinali wonyamula jenereta ndi wokulunga waya, iwo akumasulira okha ndi mawu awo osasa. Ku Zemba tinabwererako kangapo m'zaka zitatu zimene ndinagwira nawo ntchito, ndipo ulendo uliwonse ine ndinkakhala panja, pafupi ndi jenereta.

Chimene ndinatengapo n'chakuti amene wagwira maiki asayang'ane chinsalu chokha. Nditabwezeredwa maiki ndinasintha kakhalidwe ka mpando wanga, kuuika chammbali kuti ndiziona nkhope za anthu, ndipo tikafika malo atsopano ndinkayamba ndafunsa mayi mmodzi wa pamenepo ngati pali zimene kuno sizinenedwa. Nthabwala sindinasiyiretu, ndine wapakamwa ndithu. Koma pamene Mphatso amavula chigoba ndinkatsitsa maiki pamwendo n'kungokweza nyimbo.

Pulojekita inapulumuka, ntchito inapulumuka, ndipo a Mwale anandikhululukira mmene anathera. Amene sindinamulipire ndi mayi uja. Anandifunsa funso limodzi lokha, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene anakamuuza mwana wake m'mawa mwake, gule akudutsa pakhomo.