Mkaka wa Amayi Zione Mbewe

Amayi Zione Mbewe anabadwira ku Vubwi, nakula akuweta ng'ombe za atate awo. Anakwatiwa kuno ku Sinda, ndipo amuna awo, a Obed, pomwalira anawasiyira ng'ombe imodzi yamkaka, dzina lake Mphatso. Mu parishi muno sanakhalepo pa mpando uliwonse. Ife a mipando tinkakambirana za odwala pa misonkhano. Iwo ankawapititsira mkaka m'mawa uliwonse, waulere, ukadali wofunda.

Chaka china alangizi a ziweto anabwera kudzayeza mkaka m'makola onse, pofufuza matenda amene amatayitsa ng'ombe bere, nalowanso mwa anthu omwa mkaka wosawiritsa. Wapampando wa mphakati wathu, a Gabriel, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombe zawo zikufuna msipu wakutali. Analangizanso amayiwa mwachikondi.

"Amake Isaac, ng'ombe yanu ija paja inataya bere. Tengani mkaka kwa aneba mukapereke. Botolo siliyankhula."

"A cheyamani," anayankha motero, "amene amamwa mkakawu ndimawadziwa mayina."

Anakama alangizi akuona. Alangiziwo anadonthezamo mankhwala, ndipo patapita kanthawi pamwamba pa mkakawo panazungulira kamzere kabuluu. Mphatso anali ndi matendawo. Anamutenga, ndipo sanabwererenso m'khola.

Koma chimene chinawalasa mtima amayiwa si ng'ombeyo ayi. M'mawa mwake anayenda nyumba ndi nyumba, nagwada pa khomo lililonse limene ankasiyapo mkaka. "Mkaka ndinkakupatsani uja unali ndi matenda. Ndikhululukireni, ndipo pitani kuchipatala." Ena anawatukwana, iwo ali chigwadire. Amayi Hawa a pa golosale, Msilamu amene malungo anawazunza miyezimiyezi, anamvera, napita, nachira. Ife tinasankha komiti yoti ione za nkhaniyi. Ikuonabe.

Amayi Zione sanawetenso ng'ombe. Pa ukalamba wawo ankatola nkhuni n'kumakawiritsira odwala mkaka umene ena apereka. Tsiku lawo lomaliza, atalandira masakramenti, anamva mpongozi wawo akutekeseka kukhitchini.

"Wawira?" anafunsa.

"Wawira, amayi."

Anamwetulira, natseka maso.

Pa maliro, amayi Hawa anakhala pakati pa azimayi a mpingo, atagwira bokosi. Lero mu mphakati wathu mkaka sumwedwa usanawire, ndipo alangizi akabwera amapeza ng'ombe zonse zili m'khola. A Gabriel akuti mwambowu anauyambitsa ndi iwo. Amayi Zione sakanawatsutsa.

Ambuye awalandire mu mtendere wawo.